Mwala wa Atate ndi Vaneti Yongozima

Vaneti ya atate inayamba khalidwe londipsetsa mtima pa tsiku lomwe tinkawaika m'manda. Ukapotoza kiyi inkalira bwinobwino, n'kugwedeza thupi lonse ngati ikufuna ulendo, kenaka n'kutsokomola, phu, phu, zii. Ukapotozanso, injini inkangozungulira pachabe mpaka batire kulefuka. Uisiye ipume, ubwerenso dzuwa litasuntha, iliranso pang'ono n'kuzimanso. Bola galimoto yokaniratu kulira, umadziwa kuti yafa n'kuyang'ana zina. Iyi inkakupatsa moni kenaka n'kukutsekera chitseko.

Atate ankanena kawirikawiri, pena moseka pena nkhope ili gwa, kuti ulendo wawo womaliza adzayenda pa vaneti yawo, osati pa lole yobwereka ngati thumba la feteleza. Ndiye tsiku la maliro bokosi tinalikweza kumbuyo kwake, amayi a kumpingo atayamba kale nyimbo, ine n'kukhala pampando wa atate ngati woyendetsa koyamba m'moyo wanga. Ndinapotoza kiyi, inalira. Tisanatuluke n'komwe pabwalo, inazima. Amuna anakankha mpaka thukuta kamukamu, koma ayi ndithu. Bokosi tinalitsitsa anthu onse akuona, n'kulikweza pa lole ya mkulu wina wa mpingo, imene inali kununkha kabichi. Bambo wina wachikulire amene anaima pafupi ndi windo langa anapukusa mutu, nati chapansipansi, "Yakana dzanja lachilendo."

Lachilendo? Ine mwana woyamba, amene ndinakulira pansi pa boneti ya galimoto imeneyo? Atate anaigula ili yokalamba kale, titangochoka kum'mawa kudzalima ku Kanakantapa, ndipo chiyambire wopotoza kiyi iwo ali mutu m'injini ndinali ine. "Liza!" ndiliza. "Siya!" ndisiya. Sipanala yomwe akufuna ndinkaidziwa asanatambasule dzanja. Pamsewu ndinkakhala pambali pawo, iwo atagwira chiwongolero mano ali pamodzi, ndipo ndikangoyamba nkhani ankati, "Khala chete nimve injini." Koma kuyendetsa, ayi. Ndinakula, ndinaphunzira pa malole a anthu ena, ndinakwatira, imvi zinayamba kutuluka, koma ndikati atate lero ndikuyendetseni, yankho linali lomwelo: "Iyi inazolowera dzanja limodzi chabe." Ndinkadzitonthoza kuti sakumana ine ndekha, akumana dziko lonse.

Maliro atatha vanetiyo tinaikankhira pansi pa mtengo wa mango, ndipo ine ndinaikwiyira moti ndikabwera kudzaona amayi ndinkadutsa osaiyang'ana. Ine ndimakhala pafupi ndi boma la Chongwe, ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Chaka chitazungulira, amayi anandiitana. Mwala wa pamanda, wolembedwa dzina la atate, unali utasemedwa kale kwa mmisiri wa paboma, tsiku louvundukula linali litaikidwa, abale a kum'mawa anali atauzidwa, ndipo mitambo inali itayamba kusonkhana masana. Amayi anati tibwerekenso lole ija. Ndinalumpha ngati ndakhala pa singano. Ndinalumbira pamaso pawo kuti thupi la atate linapita pa lole ya kabichi, koma mwala wawo udzabwera pa vaneti yawo, woyendetsa ndili ine. Ndinkafuna bambo uja aone ndi maso ake dzanja limene analitcha lachilendo.

Pakhomopo masiku amenewo panali mlongo wanga wamng'ono ndi mwamuna wake, atabwera kudzathandiza zokonzekera. Mlamu wangayo ndi mphunzitsi wa ana aang'ono cha ku Chalimbana, munthu wamtali ngati mlongoti, wa malaya oyera, amene amati zikomo ngakhale kwa nkhuku ikamupingasa. Ine ndi wamfupi ngati atate. Sindinamukondepo kwenikweni, ndipo chifukwa ndikuchidziwa. Zaka zomaliza atate analeka kubweretsa ndiwo zawo zamasamba kumsika wa paboma kumene ndinali ine, n'kuyamba kukagulitsa ku Chalimbana. Ankati kumeneko kuli ophunzira ambiri odziphikira okha. Ine ndinkati akutsata mwana wawo wamkazi ndi tiyi wamkaka wa kwa aphunzitsi, ndipo zinkandiwawa. Koma mlamu mwiniyo sindinkamuwerengera. Mkamwini kwathu sacheza ndi apongozi. Akabwera ankakhala patali pa kampando kafupi, kuwomba m'manja, kuyankha zofunsidwa zokha, ndipo mbale imodzi ndi atate sanadyepo.

Ntchito ndinaiyamba monga anandiphunzitsira atate, kuti injini imafuna zinthu zitatu, moto, mpweya ndi mafuta, ndipo uzifufuza chimodzichimodzi osadumpha. Nkhuku ya amayi inali itaikira mazira kumbuyo, ndinaithamangitsa. Ndinabwereka batire kwa mnzanga wa minibasi, ndinatsanula petulo wakale amene anali atasanduka wofiirira, n'kuthira watsopano. Inalira, inazima, chimodzimodzi ngati chaka chapita. Ndinamasula mapulagi, ndinawapala ndi msasa, ndinagunditsa limodzi pachitsulo mlongo wanga akupotoza kiyi. Moto unalumpha wabuluu, wamphamvu. Waya mmodzi makoswe anali atamutafuna, ndinamulumikiza. M'sefa ya mpweya mavu anali atamangamo tinyumba tawo tadothi, ndipo ndinasangalala ngati ndagwira mbala. Ndinatigumula tonse, ndinapotoza kiyi, inalira mokoma kuposa kale, n'kuzima pamalo pomwe paja.

Ndili m'katimo, kanthu kena kanandidodometsa. Galasi loonera kumbuyo linali litapendekera m'mwamba, moti ine ndikakhala pampando ndinkangoona denga ndi nsonga ya windo. Atate anali msinkhu wanga ndendende, ankaonamo chiyani mmenemo? Ndinaganiza kuti wina analigunda ndi phewa tsiku la maliro. Ndinalitsitsa n'kuiwala.

Moto ulipo, mpweya ulipo, kwatsala mafuta. Ndinathira petulo pang'ono kukhosi kwa kabuleta ndi chitsekerero cha botolo. Inalira nthawi yomweyo, ndikamadontheza inkapitirira, ndikaleka inkazima. Basi, injini ili ndi njala. Kabuleta ili ndi kambale kake m'kati komwe mafuta amadikirira, ndipo nditatsegula ndinapeza muli pang'ono chabe, ongonyowetsa pansi. Ndiye kuti mafuta ankabwera modontha: galimoto ikapuma kambale kadzaza pang'ono, injini imwa amenewo, n'kutha. Ndinayala ziwalo za kabuleta pa thumba, ndinatsuka timabowo tonse ndi kuuzira mpaka masaya kuwawa. Ndinasintha sefa ya mafuta. Ndinamasula pampu, ndinapeza kachikopa kake kali kouma, ndinakwera njinga kukafuna kena kwa ogulitsa zitsulo zakale paboma. Ulendo uliwonse ndinkauza amayi kuti lero yatheka, ndipo ulendo uliwonse inkandiyankha phu, phu, zii.

Nthawi yonseyi mlamu wanga ankazungulirazungulira chapatali. Adule nkhuni, ayang'ane kuno. Asese pabwalo, ayang'ane kuno. Tsiku lina masana, ndili chagada pansi pa galimoto, dothi likundigwera m'maso, ndinaona nsapato zake zopukutidwa zitaima pafupi ndi tayala.

"Alamu," anatero ndi mawu ake aulemu aja, "kapena vuto siili mu injini."

Magazi anandithamangira kumutu. Ndinatulutsa mutu n'kumuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kukolala. "Manje ili kuti, mu dasitala ya pabolodi? Alamu, izi si za choko. Pitani mukathandize azimai kusankha nyemba."

Anatsegula pakamwa, anatsekanso, anati zikomo, n'kubwerera ku nkhuni zake. Madzulo ake amayi, akundipatsa madzi osamba m'manja, anati mosayang'ana kwa ine, "Ukanawafunsako alamu ako." Aa, koma abale! Ndinataya madziwo pansi. Ndinati ngati pakhomo pano mkamwini ndiye wasanduka mwana woyamba, andiuze ndinyamule zitsulo zanga ndizipita. Amayi anangotola beseni.

M'mawa mwake ndinavula paipi ya mafuta kupampu n'kuuzira chobwerera kuthanki. Mpweya unkapita movutikira, ndipo mlongo wanga, khutu lili pakamwa pa thanki, anati akumva tithovu tochepa. Ndinati thanki yadzala zinyalala. Ndinaitsitsa ndekha, mabawuti adzimbiri akundisenda zala, ndinathiramo timiyala ndi petulo n'kuikhutchumula mpaka mikono kuphwanya. Munatuluka dzimbiri lambiri ndi kansanza kakuda. Kansanzako ndinakanyamula pa kamtengo n'kuzungulira nako pabwalo kuti aliyense aone, makamaka aphunzitsi. Ndinabwezera thanki, ndinasamba m'manja, ndinaitana amayi kuti adzamve. Inalira. Amayi anayamba kumwetulira. Inazima.

Ndinaponya sipanala, inakagwera m'munda wa chinangwa, ndipo ndinatukwana mawu amene sindingawalembe pano. Paipi ndinali nditaitsata ndi zala kuchokera kuthanki mpaka pamene imakwera pamwamba pa chitsulo chopingasa pansi pa mpando, ndiponso kuchokera kuinjini kudzafika pomwepo. Pakatipo panali pomata phula ndi matope ouma, malo osakwana chikhatho, ndipo waya amene ndinalowetsa m'paipi ankaima pamenepo. Ndinati ndi pokhota chabe. Paipi yatsopano yotalika choncho inafunika kukaifuna ku Lusaka, koma nthawi inali itatha. Abale a kum'mawa anali atayamba kufika ndi zikwama zawo, mwala unayenera kutengedwa mawa lake.

Ndiye ndinachita zimene amachita madalaivala onse akathedwa nzeru pamsewu. Ndinatenga chigubu cha mafuta ophikira, ndinachitsuka, ndinathiramo petulo, ndinaboola chitsekerero, n'kulowetsamo paipi ya pulasitiki yochokera kupampu, kudutsa pansi pa boneti, kulowa pawindo. Ndinapotoza kiyi. Inalira, inapitirira kulira, osatsokomola. Ndinavina pabwalopo ndili mbuu ndi fumbi. Chinatsala n'chakuti wina akhale pambali panga atafukata chigubucho ulendo wonse, ndipo munthu wa ntchito imeneyo ndinali nditamusankha kale mumtima.

Kutacha, abale atakhala pamphasa pansi pa mango, ndinaitana mlamu mokweza kuti onse amve. Anabwera atavala malaya ake oyera. Ndinamukhazika mbali ya wokwera n'kumuika chigubu pamiyendo.

"Ntchito yanu ni iyi, alamu. Gwirani monga mwana wakhanda. Mukataya, tiyenda pansi."

Anachigwira ndi manja awiri, petulo akudontha pang'ono pathalauza lake. Amayi anayandikira, anayang'ana paipi yolowa pawindo, anayang'ana ine. "Mwala wa atate ako ubwera na dripu monga wodwala?" Ena pamphasa anaseka. Ndisanayankhe, mlongo wanga anatulukira kukhitchini chikho chili m'manja, nkhope itasintha. Sanalankhule ndi ine, analunjika kwa mwamuna wake.

"Auzeni. Ngati simuwauza, nizawauza ine."

"Ninalonjeza," anatero mlamu, maso ali pachigubu.

"Munalonjeza munthu wamoyo! Manje petulo ali pamiyendo panu, mufuna mukapsere mumsewu, ine nisale na ana? Auzeni!"

Mlamu anaika chigubu pansi mosamala, anatsika, anazungulira kubwera mbali yanga, ine ndili pachiwongolero, n'kugwada pafumbi pafupi ndi chitseko, munthu wamtali uja. Anawomba m'manja pang'onopang'ono. "Alamu, niloleni nigwire galimoto ya apongozi." Ndinangosuntha mwendo. Analowetsa mkono pansi pa mpando, chapakati, kuseri kwa chiguduli chimene chinkakhala pamenepo chiyambire. Chimene chinandilasa n'chakuti sanayang'ane n'komwe. Nkhope inali kumbali, dzanja linapita lokha ngati la munthu wofuna swichi m'chipinda chake chogona. Ndinamva kanthu kakulira, kwii.

Ndinagwada nanenso n'kukoka chigudulicho. Panali kampopi kamkuwa, kakang'ono ngati chala, chogwirira chake chitasalala ndi kugwiridwa. Paipi ija inkakwera kuboola pansi pa galimoto, kudutsa pa kampopiko, n'kutsikanso. Kakatsekedwa kankangodontha, chifukwa kanali katatha m'kati, ndipo madontho amenewo ndiwo ankandipusitsa masiku onsewa. Ndinachotsa paipi yanga ya pulasitiki, ndinabwezera yakale kupampu, n'kupotoza kiyi. Inazungulira kanthawi, inagwira, inalira, ndipo sinazime. Pamphasa anaimba nthungululu. Ine ndinkangomva ngati wina wandithira madzi otentha pachifuwa.

"Anakuuzani liti?" ndinafunsa.

Amene anayankha ndi mlongo wanga, chifukwa mwamuna wake anali akadagwada. Kampopiko atate anakaika chaka chimene mbala zinaba galimoto ya pafamu yoyandikana nafe, kuti wakuba akailiza ikamuzimire pafupi. Koma nkhani yeniyeni inali maso. Matenda a shuga anali atawaphimba maso pang'onopang'ono, mpaka pamsewu ankangoona zithunzithunzi. Njira yochoka pabwalo kukafika pa kamlatho ka pamkuyu ankaidziwa pamtima, ndiye ankatuluka okha pachiwongolero, anthu akuwaona. Pa kamlathopo mlamu ankakhala akudikira, atatsika minibasi m'mamawa n'kuyenda pansi. Ankasinthana. Mlamu ankayendetsa mpaka ku Chalimbana, kumene ine sindikanawaona, ndipo pobwera ankasinthananso pomwepo kuti atate alowe pakhomo ali pampando wawo. Galasi lija linali lopendekera munthu wamtali. Atate sankalibweza chifukwa sankaonamo kanthu.

Nsanje imene inandigwira pamenepo sindinaimvepo chibadwire, ngakhale pa mkazi. Ine ndinapempha chiwongolero chimenecho kuyambira ndevu zisanamere, ndipo anachipereka kwa munthu wa choko, wosadziwa kusiyanitsa pulagi ndi bawuti!

"Amai, na imwe munali kudziwa?"

"Za maso ninali kudziwa, nenze kugona nawo nyumba imodzi. Za kampopi sininadziwe. Ninakuuza kuti ufunse alamu ako, unataya madzi."

"Nanga ine sananiuze chifukwa chiyani? Sindine mwana wawo?"

Amayi anati, "Ukanawalanda kiyi tsiku lomwelo."

Ndinakuwa kuti limenelo ndi bodza. Koma inde ndikanawalanda, nanga munthu wosaona n'kumusiyira galimoto? Umenewo ndi mlandu? Mwana amene amakukonda ndiye amakukalipira. Mkamwini sangalande kanthu m'manja mwa apongozi, sangawakweze mawu, sangakaulule za m'nyumba mwawo. Amangoti inde atate, n'kutsegula chitseko. Ulemu womwe uja umene ndinkati ukumuika patali ndi umene unamulowetsa m'galimoto. Ndipo ulemu womwewo unamutseka pakamwa tsiku la maliro. Pamene bokosi linkatsitsidwa pa vaneti iye anali kumanda ndi okumba, ndipo atamva madzulo ake anaopa. Mkamwini wodziwa zobisika za katundu wa malemu, mtembo usanazizire, anthu amati katunduyo ankamuwerengera kale.

Ndinatembenukira kwa mlamu. "Tsiku lamene anaika kampopi aka, anali kuwapatsira masipanala ndani?"

Anayang'ana pansi. Sindinafunenso yankho lina.

"Kwerani," ndinatero. "Mwala ni wolema, nizafuna manja."

Tinapita awiriwiri osalankhulana. Vaneti inkayenda ngati sinagonepo chaka, ikulira mawu ake akale aja, ndipo chiwongolero chinali ndi kamsewero kolowera kumanzere kamene sindinkakadziwa. Pa dzenje lina lalikulu ndinaona phazi la mlamu likuponda pansi pomwe palibe buleki, ndipo ndinaluma mano. Paboma mmisiri ndi anyamata ake anatithandiza kugoneka mwala pa matayala akale, tinaukuta ndi masaka n'kuumanga ndi zingwe. Anzanga a pamsika anandiona ndili pachiwongolero, ena anakweza manja, mmodzi anafuula kuti yauka vaneti ya mdala. Chimenechi ndi chimene ndinkachilota chaka chonse, koma sichinandikome m'kamwa.

Pobwerera ndinayendetsa pang'onopang'ono chifukwa cha mwala. Titasiya tara n'kulowa msewu wafumbi, mitambo ili bii chakumpoto, mkuyu uja unaonekera patsogolo, ndi kamlatho kake. Pansi pa mtengowo panali mwala wathyathyathya, wokhalapo munthu. Ndinadutsapo kosawerengeka osauona.

"Ni apa?"

"Ni apa, alamu."

Sindinaime. Koma funso limene linkandidya kuyambira pabwalo linatuluka lokha. "Manje njira yonse iyi, kupita na kubwera, munali kukamba chiyani? Imwe na apongozi anu?"

Ndinkayembekeza kuti anena za mitengo ya kabichi, kapena za ine, kuti ndine waukali. Zimenezo ndikanazilandira. Mlamu anasisita bondo lake lonunkha petulo.

"Sitinali kukamba kwenikweni. Anali kuimba."

"Ndani?"

"Atate. Tikangokwera tara anali kutulutsa chigongono pawindo, na kuyamba nyimbo za kuchalichi, zina za kumudzi zamene sinidziwa. Mpaka kufika."

Atate kuimba? Kutchalitchi ankangogwedeza milomo, buku lili chozondoka nthawi zina. Pa ukwati wanga sanaimbe. Ine ndinakhala pampando womwe wakhala mlamuwo zaka zonse za ubwana wanga ndi unyamata wanga, ndikuuzidwa kuti ndikhale chete amve injini.

"Mawu anali nawo?" ndinafunsa.

"Akulu maningi, alamu. Anthu mumsewu anali kutembenuka."

Ndinafuna kumufunsa kuti nyimbo zake ziti, koma ndinadziletsa. Akanayamba kung'ung'udza imodzi ndi mawu ake aulemu aja, ndikanamutsitsa pomwepo ayende pansi.

Tinalowa pabwalo anthu ataimirira, amayi a kumpingo akuimba, ndipo bambo uja wa tsiku la maliro analipo, chipewa chili m'manja. Anandiona bwinobwino ndili pachiwongolero cha atate, mwala wawo uli kumbuyo kwanga. Ndinaimitsa pansi pa mango, ndinakoka handibuleki, ndinazimitsa injini ndi dzanja langa. Ndinakhala kaye pang'ono kuti nkhope ibwerere m'malo ndisanatsike. Ndili chikhalire ndinamva kwii pansi pa mpando. Mlamu anali akuyang'ana kunja pawindo, akugwedezera mutu amayi, ndipo mkono wake wautali unali utatseka kale kampopi iye osadziwa n'komwe.